Dzina la Malemu pa Chiphaso cha Mayi Ako

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo. Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinkakuvuta nthawi yozizira chinakusiya? Nanga mwamuna wako, akadali wowonda ngati chingwe choyanikapo zovala, kapena wayamba kumudyetsa? Kuno tilipo. Ine ndi maondo angawa, amene amadzuka mochedwa kuposa mwini wake. Bambo ako akadali pa khonde la sitolo ija ndi tebulo lawo la mawotchi. Mayi ako nayenso ali moyo.

Usadabwe kuona kalata. Foni ilipo, ndikudziwa. Koma pafoni m'pamene ndinakulakwira, ndipo pakamwa pangapa ukupadziwa, pamathamanga kusiya nzeru m'mbuyo. Dzanja langa ndi lochedwa, paja sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, ndiye liwu lililonse limadikira kaye mutu ulivomereze. Ukaona zilembo zikupendekeka ngati zaledzera, uwerenge choncho.

Papita miyezi isanu chiyankhulirane ine ndi iwe. Mayi ako ndamuletsa kukuuza mmene nkhani ya chiphaso chake yathera. Ndamuuza kuti ndinaiyambitsa ndine, ndiye ndiimalizanso ndine. Usathamangire tsamba lomaliza. Ndikukudziwa, kuyambira uli mwana unkayamba ndi nyama n'kusiya masamba m'mbale.

Ukukumbukira mmene zinayambira. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mayi ako wakhala namwino, ndipo chaka chilichonse ankangopita ku ofesi ya bungwe lawo, amumenyera chidindo pachiphaso, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Ndiye opanga malamulo anasintha zinthu. Anati aliyense wogwira ntchito ya chiphaso, kaya namwino, dokotala, wogulitsa mankhwala, woyeza malo, ngakhale wolumikiza magetsi m'nyumba, alembetsenso mwatsopano.

Pafomu yake pali malo olumbira kuti dzina ndi tsiku lobadwa zimene walembazo ndi zako zenizeni, ndipo kholo kapena m'bale asaine ngati mboni. Kale wonama ankangomulembera kalata yomudzudzula. Tsopano wonama amufufuta m'kaundula mpaka kalekale, ndi ndende pamwamba. Mboni yake nayonso ndende.

Tsiku limene anawawerengera zimenezi kuchipatala, mayi ako anafika masana n'kukhala pa sitepe ya khomo langa osavula n'komwe nsapato zoyera zija. Ndinaganiza kuti wodwala wamufera m'manja. Iye anangondipatsa pepala n'kunena kuti amayi, mlandu suola.

Pakuti dzina limene lili pa mapepala ake onse si lake. Ndi la mkulu wake, mwana wanga woyamba, amene anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chobadwa nachonso n'cha malemuyo. Iwe zimenezi unazimva koyamba tsiku lomwe lija tinakuimbira. Tinangokukhuthulira pamutu ngati madzi a m'ndowa, kenako n'kuti tilembere fomu pa kompyuta, paja zoterezi umatilembera ndiwe.

Ine maganizo anga anali amodzi. Tilembe dzina lomwe lakhalapo, ndisaine, zithe. Ndinkati akaona ndani? Bodza la zaka makumi anayi ndi zinayi limakhala litamera mizu, lasiya kukhala bodza. Ndinkaopa kuti tikangotsegula pakamwa amulanda chiphaso, ndipo mayi ako wopanda yunifolomu ndi munthu amene sindikumudziwa.

Koma iwe unati, “Agogo, fomu ndilemba, koma yabodza ayi. Sindingakutumizeni kundende ndi zala zangazi.”

Zimene ndinakuyankha ndikuchita nazo manyazi, koma ndizilemba kuti udziwe kuti sindinaiwale. Ndinati sukulu yakuumitsa mtima. Ndinati ukufuna mayi ako achotsedwe ntchito kuti iwe uoneke woyera. Ndinati ndinakubereka kumsana chabe, ndikanabereka mtolo wa nkhuni ndikanaotha moto. Ndinati usadzapondenso pakhomo panga. Kenako ndinadula foni ndekha, kuopa kuti ungandiyankhe zanzeru.

Patatha sabata kunafika envelopu yako, yopita kwa bambo ako. Unachita bwino kusatumiza kwa ine, ndikanayatsira moto. Munali lamulo lonse, masamba khumi ndi awiri, ndipo ndime imodzi unailemba mzere wofiira kunsi kwake.

Bambo ako ukudziwa kuti sindinawapatsepo mpata. Chilowereni m'banja muno ndimawatcha aPang'onopang'ono, chifukwa munthu wosenda nthochi ngati akuopa kuidzutsa sindinamuonepo kwina. Anavala kagalasi kawo ka padiso kokonzera mawotchi n'kuwerenga masamba onse, osati ndime yako yokha ayi. Anatha masiku atatu, chala chili pamzere. Anthu ankabwera ndi mawotchi awo n'kubwerera nawo.

Tsiku lachinayi anabwera kwanga, anakhala pampando wa pakhonde, chipewa pabondo. Anandifotokozera kuti lamulo lapereka miyezi isanu ndi umodzi. Amene abwera yekha kudzaulula cholakwika chakale asanasaine fomu yatsopano sadzamangidwa, malinga ngati mayeso analemba yekha. Koma anandiuzanso osabisa kuti za chiphaso lamulo silikulonjeza kanthu. Bungwe ndilo lidzaone, likhoza kumubwezera, likhozanso kumulanda.

Ndinawaseka. Ndinati khoswe nayenso amamuikira mtedza pamsampha, ndipo khoswe wopusa ndi amene amathokoza. Ndinawanenanso zina zokhudza mawotchi awo zimene sindibwereza.

Anadikira ndithe, monga amachitira. Ndiye anati, “Amayi, nkhani imeneyi anandiuza tisanakwatirane. Ndakhala ndi mkaziyu pafupifupi zaka makumi atatu. Ndikufuna ndimuitaneko dzina lake ndisanafe.”

Mdzukulu wanga, ndinasowa poyang'ana. Munthu amene ndinkamuyesa wogona anali atasunga chinsinsi changa zaka zonsezi. Ndinkamunyoza pamaso pa alendo, iye ali ndi ndodo yondimenyera m'thumba, osaitulutsa ngakhale tsiku limodzi. Koma usaganize kuti ndinagonja pomwepo. Ndinalimbabe khosi masabata atatu.

Amene anadula nkhani ndi mayi ako. Anali atayamba kuwonda, lamba wa yunifolomu anabowolanso pena. M'mawa wina akupita ku ntchito anaima pazenera langa n'kundiuza kuti walembera kale kalata bungwe, amuitana pa tsiku lakuti. Anati akufuna mboni, koma ndikakana apita yekha. Ndinamufunsa kuti apite yekha kuti akamudye? Iye pamaso pa akuluakulu mawu amamuthawa, angakhale wolimba m'wodi.

Ndinatulutsa chitini changa cha mabatani. Pansi pake panali makadi awiri a sikelo, la wamkulu ndi la wamng'ono, ofiirira ngati masamba ouma. Mayi ako sankadziwa kuti ndinawasunga. Anawagwira ngati akugwira mwana wobadwa masiku osakwana.

Tinapita atatu pa basi ya m'mawa. Ofesi yake ili pamwamba, nsanjika yachitatu. Anandiuza ndikwere chikepe, ndinakana, sindilowa m'bokosi ndili moyo. Ndinakwera masitepe, bambo ako atandigwira chigongono, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchedwa kwawo kunandikomera.

Pamwambapo pali khonde lalitali, mabenchi mbali zonse, fungo la polishi, ndi chitseko chimodzi chimene aliyense ankachiyang'ana. Ndinadabwa kupeza mabenchi odzaza. Pafupi nane panali wozula mano amene makolo ake anamuchotsera zaka zitatu kuti abwereze kalasi. Kutsogolo kunali woyeza malo amene wakhala akuyenda ndi dzina la amalume ake amene anamulera. Wina wa suti yotuwa sananene lake, ankangopukuta thukuta ndi tayi. Ndinauza mayi ako kuti taona, ndimayesa wakuba ndine ndekha, koma dziko lonse likuyenda ndi mayina obwereka. Iye sanaseke.

Atatiitana tinalowa m'chipinda cha tebulo lalitali, jagi ya madzi pakati, ndi anthu atatu. Wapakati anali mayi wa imvi, magalasi atawamangirira katcheni m'khosi. Maso ake anali a munthu amene wamva mabodza ambiri ndipo watopa nawo. Anandilumbiritsa, n'kundiuza kuti ndiziyankha zimene ndafunsidwa zokha. Ndinamuuza kuti nkhani sadula ngati nsalu, andilole ndiyambe poyambira. Anayang'ana wotchi, anayang'ana anzake, n'kuika cholembera pansi.

Zimene ndinawauza ndi izi, ndipo iwe sunazimvepo bwinobwino.

Nthawi imeneyo sukulu ya kufupi nafe inali ndi chipinda chimodzi cha oyamba, ndipo mayina ankalemba kamodzi pachaka. Buku likadzaza, ladzaza. Agogo ako aamuna, malemu, ankati kuphunzitsa mwana wamkazi ndi kuthirira munda wa eni. Ndinawalira m'khutu chaka chathunthu mpaka anati chabwino, mmodzi yekha, kamodzi kokha. Ndinaima pamzere m'mawa masiku atatu, tsiku lachitatu dzina la wamkulu linalowa m'buku. Yunifolomu ndinasoka ndekha pamanja.

Kutatsala masabata awiri kuti sukulu itsegulidwe, chikuku chinalowa m'nyumba. Chinagwira wamkulu uja, tinathamangira naye kuchipatala. Anagona masiku anayi, lachisanu anandisiya.

Tsiku lotsegulira sukulu ndinadzuka n'kuona yunifolomu ili pamsomali. Mayi ako anali ndi zaka zisanu, koma wamtali ndithu. Ndinamuveka, ndinapinda m'munsi, ndinamanga ndi mapini. Panjira ndinamuuza kuti aphunzitsi akaitana dzina la mkulu wako, iwe uziti ndilipo. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti nanga mkulu wanga akabwera aziyankha dzina liti? Ndinamukoka dzanja n'kumuuza kuti ayende msanga.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kumuitana dzina lake, kuopa kuti angalizolowere n'kukalakwitsa kusukulu. La malemu nalonso pakamwa panga linkakana. Ndiye ndinkangoti iwe. Iwe tunga madzi, iwe wadya? Atakubereka ndinapumula, ndinapeza pomuitanira, ndinayamba kumuitanira dzina lako kuti mayi ake a uje. Agogo ako aamuna anangoti zimenezo n'zanga, ndidzazisenza ndekha. Sananame.

Bambo wina wa kumanja anafunsa kuti nanga mayeso onse ankalemba ndani, a ku pulayimale, a ku sekondale, ndi a unamwino. Apa ndiye ndinaiwala kuti ndili pamlandu. Ndinamufunsa ngati akuganiza kuti malemu ankadzuka kumanda kudzalemba mayeso. Ndinati mwana uyu ankawerenga mpaka maso kufiira, jekeseni anaphunzirira pa malalanje anga, ndipo ngati akufuna umboni avule jekete amubaye aone. Mayi wa magalasi anatsokomola m'dzanja. Ndikuganiza kuti kunali kuseka.

Anayang'ana makadi a sikelo aja nthawi yaitali. Kenako anatembenuza kompyuta kuti ndione. Ine kuwerenga pagalasi kumandivuta, koma dzina la mwana wanga ndinalizindikira. Linali m'buku lakale la chipatala, zilembo zake za munthu wa dzanja lopendekeka. Tsiku lake, matenda ake, ndi dzina langa pambali. Anati mabuku onse akale a obadwa ndi omwalira anawalowetsa m'makina, ndipo pa lamulo latsopanoli fomu iliyonse amaiyerekeza ndi mabukuwo.

Anavula magalasi nati, “Agogo, mukanasaina fomu ija, makinawa akanatiuza tsiku lomwelo kuti namwino wathu anamwalira ali mwana. Sitikanakumana m'chipinda chino. Mukanakumana ndi apolisi, inu ndi mwana wanuyu.”

Sindinaganize za ndende ayi. Ndinaganiza za iwe, uli wekha kutali uko, foni ili m'dzanja, nkhalamba itakutukwana chifukwa chokana kuiponya m'dzenje. Ndinamwa madzi a m'jagi muja osapempha.

Chomaliza anauza mayi ako kuti atchule dzina lake lenileni kuti alembe. Mayi ako anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Munthu amene amakalipira madokotala m'wodi anangoti kakasi. Anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo nkhope imene ndinaona inali yomwe ija ya panjira ya kusukulu.

Ndiye ndinalitchula ndine. Linatuluka ngati chitseko cha dzimbiri, koma linatuluka. Iye analibwereza pang'onopang'ono, ngati akulawa chinthu chotentha. Kumbuyo kwathu bambo ako anamina mphuno mwamphamvu moti amene ankalemba pa atatu aja anadzidzimuka.

Sanatilonjeze kanthu. Anati mayi ako ayambe waima ntchito mpaka afufuze kusukulu zonse ndi kuchipatala, ndipo asiye chiphaso patebulo. Anachitulutsa m'chikwama, anachipukuta ndi chala ngakhale chinalibe fumbi, n'kuchiika. Potsika masitepe ankagwira khoma kuposa ine.

Tsopano mvera bwino, chifukwa ichi kubungwe sindinanene. Ndinachinena m'basi pobwerera, bambo ako atapeza mpando kutsogolo, ife awiri tili kumbuyo pafupi ndi matumba a anthu.

Zoti ndinkaopa kutaya malo a sukulu n'zoona, koma si zonse. Sukulu ija inali ndi mpanda wa waya, ndipo mazenera a oyamba ankayang'ana kumsewu. M'mawa uliwonse ndikamuperekeza sindinkabwerera. Ndinkaima kuseri kwa mtengo wa pampanda, ndowa pamutu ngati ndikupita kumadzi. Aphunzitsi ankaitana mayina mmodzimmodzi. Akafika pa dzina la mwana wanga wakufa, ndinkamva kamawu kakuti ndilipo. Ndikamva zimenezo ndinkatha kukaphika, ndinkatha kusesa. Tsiku loti sindinamve ndinkagona chigonere.

Ndinamulanda mwana wamoyo dzina lake kuti wakufa azindiyankha. Chimenechi ndicho ndinkabisa, osati za buku lodzaza. N'chifukwa chake ndinakukalipira chomwecho. Sunali kukana fomu yokha, unali kutsegula chitseko chimene ndinachitsamira moyo wanga wonse.

Nditamuuza mayi ako, anayang'ana pazenera mpaka tinadutsa masiteji awiri. Ndinati basi, mwana uyu ndamutaya. Kenako anati, “Ndinkakuonani, amayi. Ndowa yanu inkaonekera pamwamba pa mpanda. N'chifukwa chake ndinkayankha mokweza.”

Sindikuuza mmene ndinalirira. Kondakitala anabwera kudzafunsa ngati andiponda phazi.

Ndiye kunabwera kudikira, miyezi iwiri ndi masabata awiri. Namwino wopanda wodi ndi chilango, ndikuuze. Anawiritsa masupuni onse m'nyumba mwake, atatha anabwera kudzawiritsa anga. Ankandiyeza kuthamanga kwa magazi katatu patsiku mpaka kunayamba kuthamanga chifukwa cha iyeyo. Anapita ku tebulo la bambo ako n'kuwasanjira tizitsulo tawo malinga ndi kukula kwake, anthu anatha sabata akufunafuna kasipuling'i kamodzi. Koma masana, nthawi yosinthana ntchito kuchipatala ikakwana, ankakhala pa sitepe n'kumayang'ana kumsewu. Pamenepo sindinkamunena kanthu.

Anthu a mumsewu mwathu sanachedwe. Ena amati waba mankhwala, ena amati wabaya munthu jekeseni yolakwika. Mayi wa nyumba ya geti yobiriwira uja anandifunsa kumpopi, mawu okoma ngati uchi, kuti anamwino ali patchuthi chachitali bwanji chaka chino. Ndinamuuza zoona zonse, kuyambira chikuku mpaka kompyuta, anthu onse akumva. Nditamaliza ndinamukumbutsa kuti ana ake atatu anabadwira m'manja omwewo, ndipo palibe amene anafunsa dzina la manjawo potuluka. Anasiya ndowa isanadzaze. Ndinadabwa kuona kuti nkhani imene ndinaibisa moyo wonse ndikhoza kuinena pampopi, dzuwa likuswa mtengo, dziko osagwa.

Lachiwiri la sabata yatha a bungwe anawaitana. Ine sindinapite, maondo anakana, kapena ndinene zoona, mtima ndi umene unakana. Ndinasesa bwalo katatu. Chakumasana ndinawaona akubwera, bambo ako ali patsogolo. Chiwadziwireni sindinawaonepo akutsogola panjira. Ndinadziwira pomwepo.

Chiphaso amubwezera, mdzukulu wanga. Chatsopano, cholimba, chithunzi chake pakona, ndipo dzina lake ndi lomwe ndinamupatsa ine tsiku limene anabadwa. Ndinaliwerenga ndekha, chilembo chimodzichimodzi, osafuna wondithandiza.

Sanangomusiya ayi. Amuikira kalata yomudzudzula m'failo, akuti anachedwa kuulula ali wamkulu. Amupatsanso chaka chimodzi kuti akakonzetse masatifiketi a sukulu, ndiye mizere ya m'maofesi ikumudikira. Ndipo popeza chaka chobadwa chabwerera m'malo mwake, zaka zopumira ntchito zasunthira kutsogolo. Anandiuza kuti amayi, mwandiwonjezera zaka ziwiri zonyamula mabeseni. Ndinamuyankha kuti ndamuchotsera zaka ziwiri za ukalamba, anzake amagula mafuta odzola kufuna zomwezo, athokoze.

Lolemba anabwerera ku ntchito ndi baji yatsopano pachifuwa. Akuti anzake akumuitana dzina latsopanoli iye n'kumangopita osacheuka, mpaka amugwire phewa. Bambo ako ndiye afika potopetsa. Akumuitana pa chilichonse, kufunsa mchere umene uli patsogolo pawo.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi. Zikomo, mwana wa mwana wanga. Zikomo chifukwa unandikana. Zikomo chifukwa nditakutukwana sunapinde manja, unakafuna lamulo lija n'kuliwerenga n'kulitumiza kwa munthu woyenera. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, ine amene ananditsina khutu ndinamuluma dzanja. Kuti mayi ako lero ali m'wodi ndipo ine ndikugona pabedi langa, ndi chifukwa cha iwe ndi aPang'onopang'ono. Iwo ndawathokoza kale, ndinachita kuwagwira dzanja. Anachita mantha, anafunsa mayi ako ngati ndikudwala.

Mawu aja ndinakunena, onse, ndawameza. Ndi owawa, koma ndi anga. Undikhululukire. Ukafuna kundikalipira ukafika, ndikupatsa theka la ola, ndidzakhala chete. Kupitirira pamenepo sindikulonjeza.

Ndili ndi pempho limodzi. Pamanda a mwana wanga wamkulu palibe cholembedwa. Pali mwala chabe umene ndinaikapo ndekha kuti ndisasokere. Sindikanalemba dzina pamenepo, chifukwa dzinalo linali kusukulu, kenako kuchipatala, likugwira ntchito. Aliyense wodutsa akanafunsa. Ndiye mwana wagona zaka zonsezi ngati mlendo wosadziwika kwawo.

Tsopano dzina lija lamasuka, palibe akuligwiritsa ntchito. Bambo ako alankhula ndi mmisiri wosema miyala, mwala wasankhidwa kale, waung'ono, wotuwa. Mayi ako walemba papepala zoti zilembedwe, dzina ndi zaka ziwiri zija, chobadwa ndi chomwalira, basi. Sindikufuna khamu la anthu kapena zolankhula. Ndikufuna ife anayi.

Mmisiri ndamuuza kuti asagwire chitsulo mpaka iwe utchule tsiku limene ungapeze tchuthi. Akudandaula kuti mwala ukumutsekera malo, ndamuuza kuti mwanayo wadikira zaka makumi anayi ndi zinayi, iye sangafe ndi mwezi umodzi. Ubwere, mdzukulu wanga. Ndiwe unabweza dzina lililonse kwa mwini wake, ndiye ukaime pambali panga pamene tikumupatsa lake.

Undiperekere moni kwa mwamuna wako, umuuze kuti ndikamuona ali chiwondere ndidzafunsa iwe. Moni kwa apongozi ako ndi onse a m'nyumba mwawo. Mayi ako ndi bambo ako akupereka moni, ndipo akuti foni yawo tsopano ndi yomasuka, ukhoza kufunsa chilichonse. Mulungu akusunge pa ntchito yako, akutchinjirize panjira, ndipo mutu wako wouma uja asaufewetse.

Ndine agogo ako,
mayi wa mayi ako.